Kamba wa pa Ulendo wa Maphunziro

Kale, munthu akafuna kuyenda ulendo wautali, monga uja wa ku migodi ya ku Wankie kapena ya ku Johannesburg, sanali kungodzuka m'mamawa ndi kuyamba kuponda njira. Masiku angapo ulendo usanafike, akazi a pa mudzi anali kusinja ufa, kukazinga cimanga ndi kuswa mtedza. Akuru anali kuwerenga masiku a m'njira, nachula midzi yogonamo ndi mitsinje yooloka, kuti cakudya cisathe munthu ali pakati pa thengo. Cakudya cimeneci dzina lace ndi kamba. Panalibe wonena kuti munthu wokonza kamba ngwamantha, pakuti onse anadziwa kuti njala ya m'njira siimva kudandaula.

Masiku ano ulendo wautali umene anyamata ndi atsikana ambiri aulakalaka ndiwo wa maphunziro a kunja kwa dziko. Kamba wa ulendo umenewu ndi ndarama, ndipo pa nkhani ya ndarama anthu samvana monga anamvana pa nkhani ya ufa.

Kawirikawiri zimacitika motere. Kalata ifika pa khomo yonena kuti mwana walandiridwa pa koleji ya ku England, ya ku America kapena ya ku India. Amai aimba nthungululu, ndipo mbiri imveka mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Madzulo banja likhala pansi, ndipo atsibweni, amene mwa mwambo wa Acewa ndiwo mwini mbumba, afunsa kuti, "Mphwanga, kalata taimva. Koma ukadya ciani kumeneko, ndipo ukagona kwa yani?" Mnyamata ayankha kuti, "Atsibweni, cacikuru ncakuti ndikafike. Zina zonse zikaoneka komweko." Mumtima mwace aganiza kuti mkuruyo ngwamantha, kapena kuti ali ndi nsanje. Pamenepa pali funso loposa la masamu. Kodi kuwerengera ndarama ulendo usanayambe ndi nzeru, kapena ndi mantha odzicha nzeru? Ndipo kodi munthu amene anyamuka osawerengera wacita colakwa, kapena wangolimba mtima?

Mbali ya mnyamata siyenera kupeputsidwa, pakuti mbiri ya dziko imcitira umboni. Pamene Zambia inalandira ufulu m'caka ca 1964, nzika zace zimene zinatsiriza maphunziro a pa yunivesite zinali ngati 100 cabe, ndipo Yunivesite ya Zambia inayamba kuphunzitsa m'caka ca 1966. Isanafike nthawi imeneyo, ali yense wofuna maphunziro apamwamba anayenera kuturuka m'dziko: ena ku Makerere ku Uganda, ena ku Fort Hare ku South Africa, ena ku Salisbury, ena kutsidya la nyanja. Simon Kapwepwe anapita ku India m'caka ca 1950, ndipo Mainza Chona anatsiriza maphunziro a malamulo ku Gray's Inn mu London m'caka ca 1958. Ambiri a iwo amene anaturuka m'zaka zimenezo sanali ana a eni cuma. Akadadikira kuti makolo ao adzaze thumba, akadakalamba asanaone khomo la koleji.

Nkhani imene olimba mtima aikonda koposa ndi ya Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto kwa Nyasaland amene anaphunzira ku Livingstonia. Mu Okutobala 1958 iye ananyamuka kwao wapansi, ali ndi nkhwangwa, mabuku awiri ndi cakudya ca masiku owerengeka, nalinga ku Cairo, kumene anaganiza kuti akapeza njira yopitira ku America. M'njira anali kugwira maganyu kuti adye. Atafika ku Kampala anapeza buku lochula makoleji a ku America, nalemba kalata ku Skagit Valley College, mu mzinda wa Mount Vernon, ndipo anamlandira. Anafika kumeneko mu Disembala 1960, patapita zaka ziwiri cicokere kwao. Pambuyo pace anaphunzira ku Yunivesite ya Washington ndi ku Cambridge, nakhala mlembi wochuka wa mabuku. Mnyamata wa lero akamva nkhani imeneyi anena kuti, "Uyu anawerengera ciani?"

Koma nkhaniyi iyenera kumvedwa yonse. Pamene Kayira anafika ku Khartoum, miyendo yace inali itacita zonse zimene miyendo ingathe. Pakati pa iye ndi koleji panali nyanja, ndipo panafunika cilolezo colowera m'dziko pamodzi ndi ndarama za ndege. Iye analibe. Ophunzira a ku koleji ija ndi anthu a mu mzindawo ndiwo anasonkha ndaramazo, ndipo atafika, banja lina linamsunga m'nyumba mwao. Motero ciwerengero cimene iye sanacite cinacitidwa ndi anthu ena, amene anakhala pansi nafunsa mtengo wa tikiti, nagawana katunduyo. Momwemonso Hastings Kamuzu Banda, amene anafika ku America m'caka ca 1925 natsiriza maphunziro a udokotala ku Meharry m'caka ca 1937, anaoloka nyanja ndi thandizo la mpingo wa African Methodist Episcopal. Kapwepwe naye anapita ndi thandizo locokera ku India komweko. Palibe ulendo wa maphunziro umene unakhala waulere. Wina analipira, ngakhale kuti dzina lace silikumbukika.

Pali cinthu cinanso. Iwo amene anayenda mosawerengera nafika ndiwo alemba mabuku ndi kuitanidwa kukalankhula pa misonkhano. Iwo amene ndarama zinawathera pakati pa caka caciwiri, nacotsedwa m'kaundula wa koleji, natsala m'dziko la eni opanda cilolezo ndiponso ali ndi manyazi obwerera kwao, salemba buku liri lonse. Cifukwa cace mudzi umva za mlenje mmodzi amene anabwera ndi nyama, osamva za anzace amene anasocera m'chire. Munthu wofuna kuweruza molungama ayenera kuwerenga magulu onse awiri.

Tsono zoyenera kuwerengera nzotani? Maiko olandira ophunzira achula okha mbali ina ya mtengowo. Mu Januwale 2025, Boma la Britain linalamula kuti wophunzira wocokera kunja aonetse mapaundi 1,483 a mwezi uli wonse ngati akakhala mu London, kapena mapaundi 1,136 ngati akakhala kwina, kufikira miyezi 9. Ndiye kuti mapaundi 13,347 kapena 10,224, osawerengera ndarama za sukulu za caka coyamba, ndipo zonse ziyenera kukhala m'banki masiku 28 otsatana. Pamwamba pa izo, kuyambira mu Febuluwale 2024 wophunzira analamulidwa kulipiriratu mapaundi 776 pa caka ciri conse cifukwa ca thandizo la cipatala. Ku Germany, kuyambira mu Seputembala 2024, anafuna kuti wophunzira aike mayuro 11,904 m'buku la banki lotsekedwa, m'mene aloledwa kutapa mayuro 992 okha pa mwezi. Ziwerengero zotere zikwera nthawi ndi nthawi, ndipo wokonzeka ulendo ayenera kufunsa zatsopano. Kunja kwa zimenezi kuli tikiti ya ndege, cikole ca nyumba colipiriratu, mabuku, ulendo wa basi kapena sitima tsiku ndi tsiku, ndi zobvala za cisanu cimene munthu wobadwira ku Chipata sanacionepo.

Pamenepa ndipo pabadwa yesero loyamba. Alipo anthu amene abwereka ndarama kwa abale ndi kwa amalonda, naziika m'banki masiku ofunikawo, ndipo cilolezo cikangoturuka azibweza kwa eni ace. Iwo ayesa kuti apusitsa Boma lacilendo, koma Bomalo silimva njala. Ciwerengero cija cinaikidwa monga cenjezo lonena kuti munthu wopanda ndarama zotere adzabvutika, ndipo wocita cinyengoyo wangozimitsa nyali imene ikadamuonetsa dzenje. Mwezi woyamba mwini nyumba adzafuna lendi yeniyeni, osati pepala la ku banki. Bodza limene linanenedwa kwa mlendo libwerera kwa mwini wace, ndipo kucokera kwa iye lifika kwa makolo, amene adzalandira uthenga wa usiku wopempha thandizo lofulumira.

Yesero laciwiri ndilo kudalira nchito imene munthu sanaipeze. Ku Britain wophunzira wa digiri aloledwa kugwira nchito maora 20 okha pa mlungu m'nyengo ya sukulu, ndipo wopitirira malire amenewa aika cilolezo cace pa ngozi. Malipiro a maora otere angathandize pa cakudya ndi pa mbali ya lendi, koma sangalipire ndarama za sukulu. Iye amene atsuka mbale usiku wonse kuti alipire sukulu agona m'kalasi masana, ndipo potsiriza ataya cinthu comwe anacokera kwao.

Cacitatu nkuiwala kuti ndarama ya kwao siima malo amodzi. Kuciyambi kwa caka ca 2020 dola imodzi ya ku America inali kugulidwa ndi makwaca a Zambia ngati 14, koma pofika kumapeto kwa caka comweco inali pa makwaca ngati 21. Bambo amene analonjeza mwana wace madola 100 pa mwezi anafunika kupeza K1,400 mu Januwale ndi K2,100 mu Disembala, pamene malipiro ace sanasinthe. Ku Malawi, mu Novembala 2023, mphamvu ya kwaca inatsitsidwa tsiku limodzi, dola nicoka pa makwaca ngati 1,180 kufika pa 1,700. Maphunziro a digiri atenga zaka zitatu kapena zinai. Wowerengera monga ngati mtengo wa lero udzakhala womwewo kufikira tsiku lotsiriza afanana ndi mlimi amene ayesa kuti mvula idzagwa bwino zaka zinai zotsatana, naleka kusiya kanthu m'nkhokwe.

Koma zonsezi zikadangokhala nkhani ya ucitsiru ndi nzeru ngati ndaramazo zikadakhala za mnyamata yekha. Munthu ali ndi ufulu wotaya cace. Cimene cisandutsa nkhaniyi kukhala ya cilungamo ndi funso lakuti kambayo wacokera m'nkhokwe ya yani. Pa mabanja ambiri ndarama za ulendo wotere ndizo ng'ombe zimene zinali kulima munda, kapena penshoni ya bambo amene wagwira nchito zaka makumi atatu, kapena nyumba yoikidwa cikole ku banki. Nthawi zina ndizo ndarama za sukulu za mlongo wace, amene auzidwa kuti adikire pang'ono, ndipo kudikirako sikutha. Anthu amenewa sakwera ndege, sadzabvala mkanjo pa tsiku la digiri, koma ulendo ukalephera ndiwo adzasenza ngongole. Mnyamata akanena kuti zonse zikaoneka komweko, kulimba mtima kwace kuli pa cuma ca anthu ena, ndipo iwo sanafunsidwe ngati abvomera kuponya zao zonse m'madzi akuya cotere. Kulemba ciwerengero coona ndi kuciika pamaso pao ndiyo njira yokha yowapatsa mpata wobvomera kapena kukana ali m'maso. Cifukwa cace kuwerengera ndi mangawa a ulemu amene wapaulendo ali nao kwa otsala.

Pali mau otsutsa amene ali ndi mphamvu ndithu. Wina anganene kuti kuwerengera ndi mwambo wa olemera, pakuti mwana wa mphawi akawerengera adzapeza tsiku liri lonse kuti ndarama sizikwana, ndipo sadzacoka pa khomo. Ngati nzeru imeneyi itsekera osauka kunja ndi kutsegulira olemera okha, kodi siri nzeru yoipa? Mau amenewa ngoona pa mbali imodzi: dziko silinagawe mwai mofanana, ndipo palibe ciwerengero cimene cingacotse cosalungama cimeneco. Koma wosauka ndiye afunika kuwerengera koposa, cifukwa wolemera akalakwitsa ataya ng'ombe imodzi mwa zambiri, pamene wosauka ataya khola lonse. Ndiponso pepala la ciwerengero silinena kuti munthu asapite. Linena kukula kwa cimene cikusowa. Munthu wodziwa kuti akusowa ndarama zakutizakuti angathe kupempha momveka kwa Boma, kwa mpingo kapena kwa koleji yomwe, pakuti opereka thandizo akhulupirira msanga wopempha amene adziwa mtengo wa cimene apempha. Thandizo la maphunziro la maiko a Commonwealth linakhazikitsidwa m'caka ca 1959, ndipo la Chevening la ku Britain m'caka ca 1983. Mwai wambiri wotere uli wa iwo amene anatsiriza kale digiri yoyamba. Motero ciwerengero cingaonetse mnyamata kuti njira yofikira kutsidya la nyanja idzera ku Lusaka kapena ku Kitwe, ndi kuti zaka zinai za kwao zidzamtsegulira khomo limene lero liri lotseka. Cingamuonetsenso kuti dziko lapafupi, kapena mzinda waung'ono m'malo mwa London, udzampatsa maphunziro omwewo pa mtengo wocepa. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo ngati zonse zitayesedwa yankho likhalabe lakuti ayi, munthu amene wasiya kalata ya ulemu kuti amai ace asagone panja sanacite camanyazi.

Kuwerengera sikutha pa tsiku lokwera ndege. Wophunzira akafika apeza kuti anzace ena adya m'mahotela ndi kusintha zobvala, ndipo manyazi amkakamiza kucita monga iwo. Wanzeru aphika yekha, agawana nyumba ndi anzace, agula mabuku ndi majasi akale, nalemba m'kabuku ndarama iri yonse yoturuka. Koma bvuto lalikuru licokera kumudzi. Abale akamva kuti mwana ali ku Ulaya ayesa kuti ali pa mtsinje wa ndarama, ndipo ayamba kupempha za feteleza, za cipatala ndi za maliro. Iye, poopa kuchedwa wodzikuza, atumiza ndarama za lendi, natumizanso cithunzi ataima pafupi ndi galimoto la mwini. Kumudzi akondwa, napemphanso. Bodza lotere limanga anthu a mbali zonse ziwiri. Likadapewedwa ngati banja likadapangana poyera ulendo usanayambe kuti kufikira maphunziro atatha mwanayo ndi wolandira, ndi kuti ali ndi ufulu wonena zoona za umphawi wace popanda kusekedwa. Payeneranso kukhala ndarama zapadera zosakhudzidwa, zokwanira tikiti yobwerera, pakuti imfa ndi nkhondo sizipangana ndi munthu. Mu Febuluwale 2022, pamene nkhondo inabuka ku Ukraine, ophunzira ambiri a ku Africa anathawa ndi zimene akadatha kunyamula m'manja.

Patsala mzere umodzi wa ciwerengero umene sulembedwa ndi manambala. Ulendo wa maphunziro udya zaka, ndipo nthawi zina udya munthu yense. Banda anabwerera kwao mu Julaye 1958 atakhala kunja zaka zoposa makumi anai, ndipo polankhula kwa anthu a mtundu wace anafunika womasulira. Kayira anakhazikika ku England, namwalira komweko m'caka ca 2012. Anthu otere sayenera kuweruzidwa mwacangu, pakuti ali yense anali ndi zifukwa zace, ndipo ena anatsekeredwa kunja ndi ndale za nthawi yao. Koma banja logulitsa ng'ombe liyembekeza kuti dokotala kapena injiniya adzabwera kudzathandiza ang'ono ace, pamene mnyamata mwina waganiza kale mumtima kuti sadzabwerera. Ngati ziri tero, ayenera kunena asanalandire ndaramazo. Wophunzitsidwa ndi msonkho wa dziko ali ndi mangawa omwewo kwa alimi ndi anchito amene anaupereka, ngakhale sadzaona nkhope zao. Angabweze mwa kubwera kudzagwira nchito, kapena mwa kuphunzitsa mlongo uja amene anadikira, koma njira yobwezera iyenera kulingaliridwa pamodzi ndi mtengo wa tikiti.

Tsono funso la atsibweni silinali la mantha. Kulimba mtima kufunika ndithu, pakuti ngakhale wowerengera bwino adzakomana ndi cisanu, kusungulumwa ndi mayeso obvuta. Koma kulimba mtima kumene kukana kuyang'ana manambala kwaopa kale cinthu cimodzi, ndico coonadi. Mnyamata wolungama abwera kwa atsibweni patapita milungu iwiri ali ndi pepala m'manja, nati, "Atsibweni, sukulu ndi zakuti, nyumba ndi cakudya ndi zakuti, za tsoka ndi zakuti. Koleji yalonjeza izi, ine ndasunga izi, ndipo zosowa ndi izi. Ng'ombe zolimira zisagulitsidwe, ndipo mlongo wanga asacoke pa sukulu. Ngati sizitheka caka cino, ndidzayesanso caka camawa." Mkuruyo adzaitana amai a mwanayo ndi ena onse a mbumba, nadzawerenga nao pepalalo mzere ndi mzere, monga akale anali kuwerenga masiku a m'njira asanamange thumba la ufa.